Mwana wa m'manja mwa boma ku America ndi sukulu yake: mafunso okhudza maloya ndi makhoti

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa anzathu olankhula Chichewa okhala ku America. Ena alandira m'nyumba mwawo mwana wa mbale wawo atachotsedwa kwa makolo ake. Ena ndi makolo amene mwana wawo watengedwa ndi boma. Enanso ndi ophunzira zamalamulo kumudzi amene amafuna kudziwa mmene nkhanizi zimayendera kuno. Ine ndakhala ndikulowa m'makhoti a ana ngati munthu wodzipereka kulankhulira mwana, ndipo zambiri mwa izi ndinaziona ndi maso anga. Malamulo ambiri amene ndatchula ndi a boma lalikulu la ku Washington. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi akenso oonjezera, choncho pa mlandu wanu mufunsenso loya wa m'chigawo chanucho.

Kodi foster care n'chiyani? Si kulera mwana wamasiye monga timachitira kwathu?

Zimafanana maonekedwe, koma muzu wake ndi wina. Kwathu mwana akasowa womulera, akuluakulu a banja amakhala pansi n'kugwirizana kuti apite kwa amalume, kwa azakhali kapena kwa agogo, ndipo kawirikawiri nkhaniyo sifika n'komwe ku khoti, ngakhale kuti lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 linakhazikitsa makhoti a ana ku Malawi. Ku America, foster care ndi pamene mwana wachotsedwa kwa makolo ake chifukwa cha nkhanza kapena kusasamalidwa, n'kuikidwa m'manja mwa ofesi ya boma yoona za ana, khoti likuyang'anira. Ambiri mwa anawa si amasiye ayi. Makolo awo alipo, ndipo cholinga choyamba chimakhala choti mwana abwerere kwawo zinthu zikakonzeka.

Ofesiyo imaika mwana kwa wachibale, kwa banja lina lovomerezeka ndi boma, kapena ku nyumba yosungira ana ambiri. Pa 30 September 2021, ana okhala motere anali pafupifupi 391,000 m'dziko lonse. Wogwira ntchito wa ofesiyo amene amatsatira mwana mmodzimmodzi amatchedwa caseworker, ndipo dzina limeneli mulimva kwambiri m'munsimu.

N'chifukwa chiyani ana amenewa amavutika ndi sukulu kuposa anzawo?

Zifukwa zilipo zambiri, koma chimene ine ndachiona chikupweteka kwambiri ndi kusamukasamuka. Nyumba ikasintha, sukulu nayo imasintha, ndipo mwana amayambanso pachiyambi.

Mtsikana wina wa zaka 15 amene ndinkamulankhulira anasamutsidwa katatu m'chaka chimodzi cha sukulu. Tsiku limene ndinakamuona ku nyumba yachitatu, zovala zake zinali zikadali m'majumbo akuda otayiramo zinyalala, ataunjikidwa pakona. Pamwamba pa jumbo limodzi panali buku la masamu la ku sukulu yoyamba ija, loti sanapeze mpata wokabweza. Anandiuza kuti mutu umodzi wa algebra wauphunzira katatu, koma mutu wotsatira sanauonepo, poti sukulu iliyonse ankaipeza ili pena. Nditamufunsa dzina la mnzake wa m'kalasi, anayankha kuti anasiya kuloweza mayina.

Mwana wotere si wopanda nzeru. Wangotopa. Kafukufuku wa bungwe la Chapin Hall la ku Chicago, amene anatsatira achinyamata ochoka m'manja mwa boma ku Illinois, Iowa ndi Wisconsin, anapeza kuti pofika zaka 26, amene anali ndi digiri ya ku koleji sankakwana mmodzi pa khumi alionse.

Ntchito ya khoti si kuteteza mwana ku nkhanza? Za sukulu zikulowamo bwanji?

Zikulowamo chifukwa boma likachotsa mwana kwa makolo, lasenza udindo wa kholo, ndipo kholo lenileni limafunsa za sukulu. Lamulo limafuna kuti nkhani ya mwana aliyense iunikidwe pakatha miyezi 6 iliyonse, ndiponso kuti pa miyezi 12 iliyonse woweruza amve za tsogolo lake lokhazikika. Pa pulani imene ofesi ya ana imalemba payenera kukhala mbiri ya maphunziro a mwanayo. Palibenso malo ena amene caseworker, makolo, olera mwana ndi maloya onse amakumana pamaso pa munthu amene angathe kulamula.

Woweruza wosamala amafunsa zinthu zooneka zazing'ono. Mwanayu ali pa sukulu iti, ndipo ndi yachingati chichokereni kwawo? Wajomba masiku angati? Akuwerenga mofanana ndi msinkhu wake? Ndani amapita ku misonkhano ya makolo? Akusewera mpira kapena kuimba kwaya? Mafunso amenewa akamafunsidwa nthawi zonse, caseworker amayamba kubwera ndi mayankho ali m'manja, chifukwa amadziwa kuti afunsidwa.

Pa mlandu wa mtsikana uja, woweruza anafunsa kuti ndani ali ndi lipoti lake la sukulu. Tinalipo akuluakulu asanu, ine ndemwe, ndipo tinangoyang'anizana. Manyazi a tsiku limenelo sindidzawaiwala. Woweruza analamula kuti malipoti a sukulu zonse zitatu afike pa tebulo lake pasanathe milungu iwiri, ndipo anafikadi.

Zigawo zina zinaika mafunsowa m'malamulo a khoti kuti asadalire mtima wa woweruza mmodzi. Ku California, malamulo a khoti amalamula kuti nkhani ya maphunziro a mwana ikhudzidwe pa nthawi iliyonse yomva mlandu. Ku Texas, khoti lalikulu la chigawocho linakhazikitsa komiti yoona za maphunziro a ana amenewa mu 2010, n'kukhazika pamodzi oweruza, akuluakulu a sukulu ndi a ofesi ya ana.

Ndani amalankhulira mwana m'khoti?

Lamulo la CAPTA la 1974 limafuna kuti mwana aliyense wa pa mlandu wa nkhanza kapena kusasamalidwa akhale ndi womuimira, amene amatchedwa guardian ad litem. M'zigawo zina ameneyu ndi loya, m'zigawo zina ndi munthu wamba wophunzitsidwa ntchitoyi. Anthu wamba odziperekawa amadziwika ndi dzina loti CASA. Ntchitoyi inayamba ku Seattle mu 1977 ndi woweruza David Soukup, amene ankadandaula kuti akugamula tsogolo la ana asakudziwa zokwanira za moyo wawo.

Pali kusiyana kofunika kukudziwa. Loya wa mwana m'zigawo zina amanena zimene mwanayo akufuna, monga amachitira ndi munthu wamkulu. Guardian ad litem amanena zimene iye akuona kuti zingamukomere mwanayo, ngakhale mwiniwake asakugwirizana nazo. Kupatula amenewa, ofesi ya ana ili ndi loya wake, ndipo m'zigawo zambiri makolo osauka amapatsidwa loya waulere. Aliyense mwa amenewa angathe kudzutsa nkhani ya sukulu.

Mwana akasamutsidwa nyumba, kodi ayenera kusinthanso sukulu?

Ayi, ndipo apa ndi pagona nkhani yonse. Lamulo la Fostering Connections to Success and Increasing Adoptions Act, limene George W. Bush anasainira mu October 2008, linalamula ofesi za ana kuti posankha nyumba aziganizira kutalika kwake ndi sukulu ya mwana, ndi kuti mwana akhalebe pa sukulu yake pokhapokha ngati kutero sikungamukomere. Vuto linali loti lamulolo linkamanga ofesi za ana zokha, a sukulu n'kumati ife sizikutikhudza. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa anali mwana. Lamulo la Every Student Succeeds Act, lodziwika kuti ESSA, limene Barack Obama anasainira pa 10 December 2015, linamanganso a sukulu ndi chingwe chomwecho kuyambira mu December 2016.

Tsono mwana asanachotsedwe pa sukulu yake, a sukulu ndi a ofesi ya ana ayenera kukambirana n'kugamula chimene chingamukomere. Amaona zofuna za mwanayo ndi za makolo ake, ubwenzi wake ndi aphunzitsi ndi anzake, kumene abale ake akuphunzira, kutalika kwa ulendo malinga ndi msinkhu wake, chitetezo chake, ndi nthawi imene yatsala kuti chaka cha sukulu chithe. Ntchito ya loya ndi kuonetsetsa kuti kukambirana kumeneku kwachitikadi mwana asanasamuke, osati kulemba pepala pambuyo pake. Loya wodziwa ntchito amayamba kufunsa za sukulu akangomva mphekesera yoti mwana asamutsidwa, chifukwa madzi akatayika saoleka.

Sindikunena kuti kukhala pa sukulu yakale n'kwabwino nthawi zonse. Mwana wa zaka 6 kumukhazika m'galimoto maola atatu tsiku lililonse si chifundo. Mwana amene ankazunzidwa ndi wina wa pa sukulupo angapume bwino kwina. Chimene ndimakana ndi kusintha sukulu chifukwa choti n'zimene zili zophweka kwa akuluakulu.

Nanga ngati nyumba yatsopano ili kutali, ndani alipire mayendedwe?

ESSA imalamula ofesi ya maphunziro ya dera lililonse kuti ikhale ndi ndondomeko yolembedwa, yogwirizana ndi ofesi ya ana, yonena mmene mwana aziyendera ndi amene azilipira ndalama zoonjezera: kaya ofesi ya ana, kaya a sukulu, kaya agawana. Malangizo amene boma lalikulu linatulutsa mu June 2016 ananena kuti mtengo wa mayendedwe usalowe pogamula sukulu imene ingamukomere mwana.

Pamenepa ndi pamene maofesi awiriwa amakonda kuponyerana mpira. Loya apemphe ndondomeko yolembedwayo, ndipo apemphe woweruza alamule kuti mwana aziyendabe ku sukulu pamene akuluakulu akukangana za ndalama. Wolera mwana amene akumutengera yekha pa galimoto yake afunse za kubwezeredwa ndalama za mafuta.

Sukulu yatsopano ikukana kumulemba chifukwa alibe mapepala. N'zololeka?

Si zololeka. Zikagamulidwa kuti mwana asinthe sukulu, ESSA imati alembedwe nthawi yomweyo ngakhale alibe mapepala amene amafunika masiku onse, ndipo sukulu yatsopanoyo ndiyo iyenera kuitanitsa mafayilo ku sukulu yakale. Kawirikawiri wokana amakhala kalaliki wa pa khomo amene lamuloli sanalimvepo. Musakangane naye. Chigawo chilichonse chili ndi munthu wa ku ofesi ya maphunziro woikidwa kuti aziona za ana a foster care, ndipo madera ambiri ali ndi wawonso. Funsani dzina lake, ndipo muuzeni loya wa mwana tsiku lomwelo. Mwana wa foster care amalandiranso chakudya cha ku sukulu chaulere popanda kuona ndalama zimene omulera amapeza.

Ndani ali ndi mphamvu zosainira ndi kugamula za maphunziro a mwana?

Ambiri amaganiza kuti mwana akangotengedwa, makolo atha mphamvu. Si choncho. M'zigawo zambiri makolo amakhalabe ndi ufulu wogamula za maphunziro mpaka khoti litawachepetsera kapena kuwalanda. Inu amayi ndi abambo amene mwana wanu ali m'manja mwa boma, chonde musathawe sukulu chifukwa cha manyazi. Pitani ku misonkhano ngati khoti silinakuletseni, funsani lipoti, pemphani womasulira ngati Chingerezi cha m'misonkhano chikukuthawani. Mwana amaona, ndipo woweruza nayenso amaona.

Makolo akasowa, kapena akalephera kugwira udindowu, khoti lingathe kusankha munthu wina. Ku California dzina la munthuyo limalembedwa pa fomu ya khoti ya JV-535, ndipo ku Pennsylvania malamulo a khoti la ana amalola woweruza kusankha wogamula za maphunziro. Munthu wabwino pa udindowu ndi amene amamudziwa mwanayo ndipo sachoka nyumba ikasintha: agogo, azakhali, mphunzitsi wakale, wa CASA. Choopsa ndi pamene palibe amene akudziwa mwini udindo. Fomu yofuna siginecha imatha miyezi ili m'kabati.

Zinthu za tsiku ndi tsiku n'zosiyana. Kuyambira ndi lamulo la 2014 la Preventing Sex Trafficking and Strengthening Families Act, wolera mwana angathe kumuloleza yekha kupita pa ulendo wa sukulu, kulowa timu ya mpira kapena kukagona kwa mnzake, monga kholo lanzeru lingachitire, osadikira khoti.

Kodi loya kapena caseworker angaone malipoti a sukulu popanda chilolezo cha makolo?

Lamulo la FERPA la 1974 limateteza chinsinsi cha mafayilo a ophunzira, ndipo kwa zaka zambiri a sukulu ankabisala kumbuyo kwake. Mu January 2013 lamulo la Uninterrupted Scholars Act linatsegula khomo: sukulu ingathe kupereka mafayilo kwa caseworker wa ofesi imene ikusunga mwanayo popanda kudikira makolo. Loya wa mwana ndi wa CASA nthawi zambiri amagwiritsa ntchito chikalata cha khoti chowaika pa mlanduwo, choncho ndi bwino kupempha kuti mawu okhudza mafayilo a sukulu alembedwemo kuyambira tsiku loyamba.

Chinsinsichi chili ndi mbali inanso. Mphunzitsi ayenera kudziwa amene angamuimbire foni ndi amene saloledwa kudzatenga mwana. Sayenera kudziwa zonse zimene zinachitika kunyumba. Ndinamvapo mwana akudandaula kuti caseworker anabwera kudzamuitana m'kalasi atakoleka chitupa cha ofesi pakhosi, kalasi yonse n'kudziwa. Zimenezo zimapeweka.

Mwana akuoneka kuti ali ndi vuto la kuphunzira kapena ulumali. Loya angathandize bwanji?

Lamulo la IDEA limapatsa mwana wa ulumali ufulu wa maphunziro aulere oyenerana naye, olembedwa pa pulani yotchedwa IEP. Choyamba n'kulemba kalata yopempha kuti mwana ayezedwe. Chilolezo chikaperekedwa, sukulu ili ndi masiku 60 oti imalize kuyeza, kapena nthawi imene chigawocho chinakhazikitsa. Ana osamukasamuka amagwa m'mpata umenewu: sukulu yoyamba yayamba kuyeza, mwana wasamuka, yachiwiri ikuyambanso, chaka n'kutha.

Wosainira pa nkhani za IDEA sangakhale caseworker, chifukwa lamulo sililola wogwira ntchito ku ofesi yosunga mwana kukhala m'malo mwa kholo pa nkhanizi. Makolo akakhala kuti sakupezeka, wolera mwana angathe kuima ngati kholo, apo ayi pasankhidwe woimira kholo, ndipo woweruza wa mlandu wa mwanayo ali ndi mphamvu zomusankha. Onaninso funso la amene ali ndi mphamvu zosainira. Mwana amene ali kale ndi IEP akasamuka, sukulu yatsopano iyenera kupitiriza chithandizo chofanana ndi chakale mpaka italemba pulani yake. Mu 2017, pa mlandu wa Endrew F., khoti lalikulu la America linagamula kuti pulaniyo iyenera kukonzedwa moti mwana apite patsogolo malinga ndi mmene alili, osati kungoyenda pang'ono pongofuna kukwaniritsa lamulo.

Pano ndikufuna kuchenjeza mbali zonse ziwiri. Pali ana amene akufunika chithandizo koma palibe amene anawayeza. Palinso ana amene amaikidwa m'kalasi yapadera chifukwa choti ndi achisoni, okwiya, kapena anajomba miyezi yambiri. Loya afunse kuti kuyezako kunaganizira zimene mwanayo wadutsamo ndi chinenero chimene amalankhula kunyumba.

Mwana waimitsidwa kapena akufuna kumuchotsa sukulu. Tichite chiyani?

Uzani loya wake tsiku lomwelo. Pa mlandu wa Goss v. Lopez mu 1975, khoti lalikulu linagamula kuti ngakhale poimitsa mwana masiku 10 kapena ocheperapo, sukulu ya boma iyenera kumuuza chimene walakwa ndi kumumva mbali yake. Chilango chikakhala chachitali, ndondomeko yake imakulanso malinga ndi chigawo.

Mwana wa IEP ali ndi chitetezo china. Akafuna kumuchotsa kupitirira masiku 10 a sukulu otsatizana, payenera kukhala msonkhano woona ngati khalidwelo lachokera ku ulumali wake kapena ku kulephera kwa sukulu kutsatira pulani. Zikapezeka choncho, abwerere m'kalasi, kupatula pa nkhani za zida, mankhwala ozunguza bongo kapena kuvulaza munthu kwambiri.

Chimene loya amabweretsa ku msonkhano wotere, mogwirizana ndi mwanayo, ndi nkhani imene a sukulu sakuidziwa. Mwana amene wagubuduza desiki Lachiwiri mwina Lolemba anadikira mayi ake ku ofesi maola awiri, osabwera. Kuimitsidwa kumagwedezanso nyumba, chifukwa wolera amene ali pa ntchito sangakhale pakhomo ndi mwana milungu iwiri, ndiye amapempha kuti mwanayo asamutsidwe.

Kodi ntchito imene anagwira ku sukulu yakale imatayika akasamuka pakati pa teremu?

Ku sekondale za ku America, kuyambira giredi 9 mpaka 12, mwana amasonkhanitsa ma credit pa phunziro lililonse, ndipo akakwana ndiye amalandira dipuloma. Akachoka teremu isanathe, angathe kutaya onse. California inatseka dzenje limeneli ndi lamulo la AB 490 la 2003, lolamula sukulu kuvomereza ngakhale gawo chabe la ntchito imene mwana anamaliza kwina. Malamulo ake ena a 2009 ndi 2013 amalola mwana wa foster care amene wasamuka atamaliza chaka chachiwiri cha sekondale kuti amalize potsata zofunika za chigawo zokha, osati zoonjezera za dera, ngati sangakwanitse zonse pa nthawi yake. Zigawo zina zili ndi malamulo ofananako.

Malipoti a mtsikana uja atabwera, loya wake anakhala pansi ndi mlangizi wa pa sukulu n'kuwerenga masiku amene anakhala m'kalasi iliyonse. Panapezeka ntchito ya pafupifupi teremu yathunthu yoti sinalembedwe paliponse. Inali ntchito ya masana amodzi, ndi pensulo ndi kalendala.

Nanga ana aang'ono oti sanayambe sukulu?

M'mera mpoyamba. Mwana wosakwana zaka 3 amene zatsimikizika kuti anazunzidwa kapena sanasamalidwe ayenera kutumizidwa kuti akaonedwe ngati akufunika chithandizo cha kakulidwe pansi pa Part C, gawo la IDEA loona za ana aang'ono chotere. Ana a foster care amaloledwanso kulowa Head Start, pulogalamu ya boma ya sukulu za mkaka, mosaona ndalama za pakhomo. Woweruza afunse ngati zimenezi zachitika.

Kodi mwanayo ali ndi mawu pa zonsezi?

Ali nawo. Kuyambira zaka 14, lamulo la 2014 lija limafuna kuti mwana atenge nawo mbali polemba pulani yake, ndipo angathe kusankha anthu awiri oti akhale naye pa zokambiranazo. Loya amukonzekeretse asanalowe m'khoti, amuuze amene adzakhalemo ndi zimene adzafunsidwe.

Koma khoti lisakhale chifukwa china chojombera. Loya angathe kupempha kuti mlandu umvedwe ana ataweruka kapena pa kanema, ndi kuti maulendo okaona makolo ndi a kuchipatala asamagwe nthawi ya phunziro limodzimodzi mlungu uliwonse. Ndipo woweruza akaona kuti masamu akwera kuchoka pa D kufika pa C, anene pamaso pa onse. Ana ambiri amene ndawadziwa sanamvepo munthu wamkulu akuwayamikira m'chipinda chimenecho.

Akakwanitsa zaka 18, zonse zathera pomwepo? Za koleji bwanji?

Chaka chilichonse achinyamata masauzande ambiri amachoka m'manja mwa boma chifukwa cha msinkhu, opanda banja lokhazikika. Lamulo la 2008 lija linalola zigawo kupitiriza kuwasamalira mpaka zaka 21, ndipo zambiri zimatero. Limafunanso kuti m'masiku 90 omaliza palembedwe pulani ya nyumba, maphunziro, ntchito ndi zaumoyo. Masiku 90 ndi ochepa kwambiri. Loya wabwino amayamba nkhaniyi mwana ali giredi 9.

Ndalama zilipo. Pansi pa pulogalamu ya Chafee pali thandizo la ETV lofika madola 5,000 pa chaka la koleji kapena sukulu ya ntchito zamanja, ndipo kuyambira 2018 zigawo zingathe kulipereka mpaka zaka 26, kwa zaka zosapitirira 5. Polemba fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la ndalama za koleji, amene anakhalapo m'foster care pa nthawi ina iliyonse atakwanitsa zaka 13 amawerengedwa ngati woima payekha, osafunsidwa ndalama za makolo. Zigawo zina, monga Texas, zimawachotsera fizi m'makoleji a boma. Amene anali m'foster care ndi pa Medicaid, thandizo la boma lolipirira kuchipatala, pokwanitsa zaka 18 amapitiriza kuthandizidwa kuchipatala mpaka zaka 26.

Misinkhu imeneyi loya aziiyang'ana. Mwachitsanzo, mwana wotengedwa ndi banja kukhala wawo mpaka kale, kapena woperekedwa ndi khoti kwa wachibale kuti amulere mokhazikika, amasunga mwayi wa ETV ngati zimenezo zachitika atakwanitsa zaka 16. Sindikuti mwana achedwetsedwe kupeza banja chifukwa cha ndalama, koma ngati tsiku lobadwa latsala milungu itatu, banjalo liuzidwe lisanasankhe tsiku. Asanatuluke apatsidwenso satifiketi ya kubadwa, khadi la Social Security, chitupa, mapepala a kuchipatala, ndi kalata yotsimikiza kuti anali m'foster care.

Mwanayu alibe mapepala okhalira m'dziko muno. Angaphunzire?

Angaphunzire. Pa mlandu wa Plyler v. Doe mu 1982, khoti lalikulu linagamula kuti chigawo sichingamane mwana sukulu ya boma ya pulayimale ndi sekondale chifukwa chosowa mapepala. Vuto limadza pa koleji ndi pa ntchito. Pali njira yotchedwa Special Immigrant Juvenile Status, imene imayamba ndi chigamulo cha khoti la ana chonena kuti mwanayo sangabwerere kwa kholo limodzi kapena onse awiri chifukwa cha nkhanza, kusasamalidwa kapena kutayidwa, ndi kuti kubwerera ku dziko la kwawo sikungamukomere. Pempho liyenera kuperekedwa asanakwanitse zaka 21, ndipo m'zigawo zina khoti la ana limasiya kumuona pa zaka 18. Apa pakufunika loya wodziwa za olowa ndi otuluka m'dziko, msangamsanga.

Kodi woweruza angalamule sukulu kuchita chinthu?

Nthawi zambiri sukulu si mbali ya mlanduwo, choncho woweruza amalamula ofesi ya ana, imene ili pansi pake. Zigawo zina, monga California, zimalola khoti kuitana ofesi ya maphunziro kuti ilowe m'mlandu ngati yalephera udindo umene lamulo linaipatsa. Mikangano ya IEP ili ndi njira yake yodandaulira kunja kwa khoti la ana, ndipo loya wa mwana amene sadziwa mbali imeneyo apemphe thandizo kwa loya wa zamaphunziro.

Mphamvu ya chigamulo ili m'kalembedwe. Chigamulo choti ofesi iyesetse kuthandiza mwana pa maphunziro sichisuntha munthu. Choti caseworker apereke kalata yopempha kuyeza mwana pofika pa 15 mwezi uno n'kubweretsa kope yake ku khoti, chimenecho chimachitika. Loya azibwera ndi mawu oterowo atalemba kale.

Ine ndine wolera mwana chabe, si loya. Ndingabweretse chiyani ku khoti?

Mawu oti chabe achotseni, chifukwa inu ndi amene mumaona chikwama chake madzulo. Lamulo limakupatsani ufulu wodziwitsidwa tsiku la mlandu ndi womvedwa, kaya ndinu wachibale kaya ayi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: ambiri a ife tinakula tikuopa khoti, koma m'chipinda chimenechi kukhala chete kumapweteka mwana.

Sungani fayilo imodzi. Muikemo malipoti, makalata ochokera ku sukulu, kope ya IEP ngati ilipo, mayina a aphunzitsi, ndi pepala lolembapo masiku amene wajomba ndi chifukwa chake. Patatsala mlungu umodzi kuti mlandu ulowe, imbirani loya wa mwana kapena wa CASA, muwauze zinthu ziwiri zimene zikuyenda bwino ndi chimodzi chimene mukufuna kuti woweruza alamule. Makhoti ena ali ndi fomu ya olera ana, monga JV-290 ku California. Kwina kalata wamba imakwanira. Mwana akadzachoka pakhomo panu, kaya kubwerera kwa makolo kaya kupita kwina, fayiloyo ipite naye m'manja, ndipo inu musunge kope yake.